Shati Yanga ndi Mkono wa Shafii

Mkamwini wanga Shafii ali ndi mikono iwiri yosiyana mtundu. Wamanzere ndi womwe anabadwa nawo ku Mangochi. Wamanja ndi wakuda ngati tayala. Kwa zaka khumi ndi zisanu wakhala akuyendetsa lole kuchokera ku Kurasini, kudoko la Dar es Salaam, kupita ku Malawi, chigongono chili pawindo ngati msewu ndi wa bambo ake.

Ine ndinaphunzitsa jogalafe zaka makumi atatu muno mu Dar es Salaam. Tsiku lina ndinamujambulira papepala mmene dzuwa limagwera mbali ya dalaivala akamalowera ku Mbeya. Iye anathokoza mwaulemu, napinda pepalalo n'kupanira galasi lomwe linkagwedera. Sindinaiwale.

Chaka chatha pamkonopo panatuluka kachilonda kosapola. Dokotala wa kuchipatala cha ku Upanga anakadula kachilondako, nanena mosabisa kuti mkonowo auphimbe, apo ayi asiye lole. Anamulemberanso mafuta oteteza khungu.

"Ine kudzola ngati mkwatibwi?" anatero Shafii. "Anzanga ku Kurasini andimaliza!"

Shati ya mikono yaitali anaikananso, ati m'lolemo ndi mu uvuni.

Mkazi wake, yemwe ndi mwana wanga Mwanakheri, sanakangane naye. Anangotenga sizasi. Tsoka ilo, shati yanga yoyera, imene anandipatsa kusukulu tsiku lopuma ntchito, inali kwawoko kudikira kusitidwa. Anaidula mkono wamanja, nausokerera lasitiki kumwamba.

"Ababa, nsalu yake ndi yokhuthala bwino," anatero. "Ndiponso inu mumaivala liti?"

"Ndinkaisungira tsiku lalikulu!"

"Liti? Zaka naini ili m'kabati."

Shafii anavala mkono umodziwo poopa mkazi wake, ndipo mafuta aja amadzolera kunsi kwake, kumene anzake saona. Ku Kurasini anamuseka sabata imodzi. Lero madalaivala anayi ali ndi mikono yawo yotero, ndipo palibe amene anabwera kudzandithokoza.

Nditamva kuti bala lapola, ndinakwera bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, kukaitanitsa katundu wanga, shati yopundukayo ili m'jumbo. Shafii ndinamupeza akumanga tenti palole, dzuwa likuswa mtengo.

"Shikamoo, ababa!" anandilonjera mwaulemu wa kuno.

"Marahaba. Mkono wanga."

Anauvula osatsutsa. Unali utasanduka wakhaki, utabooka pachigongono penipeni. Kunsi kwake kunali chipsera chachitali ngati chala changa, chotuwa, chikuwala ndi thukuta. Mawa lake ankanyamuka ulendo wa masiku atatu.

"Bowo ili lilipo kuyambira liti?"

"Mwezi umodzi basi."

"Mbuzi iwe! Dzuwa silidziwa kulowa pabowo?"

Ndinabwereka mpeni kwa mayi wogulitsa mananazi, n'kudula mkono wamanzere wa shati ija pomwepo. Wina asanene kuti chinali chisoni. Shati ya mkono umodzi ilibe ntchito.

Shafii anauvala, nautembenuza uku ndi uku.

"Ababa, batani lake lili kolakwika."

Mawu amenewonso ndawasunga mumtima, pamodzi ndi za pepala lija.