Mtsikana wa Buluku pa Kaseti ya a Chisale

Fungo la makoko a manachesi limandibwezera ku Dambe, nyengo yozizira ija ndili Sitandade 4. Milomo inkang'ambika ndi chisanu, zala zili nenene ndi madzi a manachesi, koma Loweruka masana panalibe mwana wokhala pakhomo. Tonse tinkathamangira kwa a Chisale, a zaumoyo amene anachokera ku Blantyre kudzagwira ntchito pachipatala chathu. Nyumba yawo inali pafupi ndi chipatalacho. Anali ndi wailesi ya kaseti yoyendera batire ya galimoto, ndi katoni yodzaza nyimbo za magulu oimba akale, zija za magitala amagetsi ndi ng'oma zogunda mpaka m'chifuwa. Tinkavina fumbi koboo. Tepi ikakodwa, a Chisale ankaikulunga ndi bolopeni ife tikudikira.

Tsiku lina anaika kaseti yakale kwambiri. Kumbuyo kwa mwamuna woimbayo kunamveka mawu a mkazi, okwera pang'onopang'ono n'kunjenjemera kumapeto. Ndinasiya kuvina. Mawu amenewo ndinkawamva m'mawa uliwonse amayi akamasesa pabwalo. Mayi wina wodzatenga mankhwala anatola chikuto cha kasetiyo n'kuyang'anitsitsa chithunzi: anyamata anayi a tsitsi lalikulu, ndi mtsikana wovala buluku, maikolofoni m'manja, kampata m'mano.

"Kodi awa si a Nabanda?" anafunsa mayiwo. A Nabanda anali amayi anga, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika pamjigo.

Amayi ankatsogolera kwaya ya amayi kumpingo kwathu, ndipo udindo umenewo ankaukonda ndi mtima wonse. Lamulungu, mapemphero atatha, akulu a mpingo anawaitanira pansi pa mtengo wa mango, anthu onse akuchita ngati akumanga nsapato kuti amve nawo. Eti mkazi wa buluku, woimba m'malo omwera mowa, angatsogolere bwanji nyimbo za Mulungu? Chithunzi chija chinali chitasuluka. Akanatha kungokana basi, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo azakhali anga anali atawalangiza choncho.

"Ndine ndithu," amayi anatero. "Ndinali ndisanakwatiwe. Ndipo ndinkaimba bwino."

Anawachotsa pa utsogoleri. Lamulungu lotsatira anakhala pabenchi yakumbuyo, kwaya ikuimba popanda iwo, ndipo ndinawaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Zinandiwawa, moti anzawo a kwayawo sindinkawapatsanso moni mpaka amayi anandikoka khutu.

Loweruka litafika amayi anasenza beseni la manachesi, kundigwira padzanja, ulendo kwa a Chisale. Anatula beseni lija pakhonde n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, mundiikireko ija." Gitala itangoyamba amayi anatsinzina, n'kuyamba kuimba nawo pamalo pawo penipeni, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Mawu awiri, a mu kaseti ndi a pakhonde, anakwera limodzi. Odwala anasuzumira pampanda wa chipatala, ife ana kuiwala kuvina. A Chisale anabweza tepi osapemphedwa.

Nthawi imeneyo ndinkanyada chifukwa amayi anga anali mu kaseti, ndipo kusukulu ndinatopetsa nazo aliyense. Lero ndapitirira zaka zimene iwo anali nazo, ndipo ndikudziwa kuti kutsogolo kwa kwaya ija sanaimenso mpaka anamwalira. Ndimanyadabe, koma chifukwa chake ndi china. Anafunsidwa pagulu ngati mtsikana wa buluku uja anali iwo, ndipo sanamukane.