Tsiku limene asodzi ananyamula nduna

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Kunena zoona sindinagone kwenikweni. Ndinangotsamira khoma la chipinda chimene munali bokosi la achimwene anga, pakati pa amayi a mpingo amene anachezera kuimba. Nditatuluka panja ndinapeza mwera ukuwombabe, tsiku lake lachitatu. Amuna anali atazungulira moto wa zitsa, ena atafunda zitenje za akazi awo. Kuseri kwa nyumba amayi anali atayamba kale kukonza mafuwa, kutsuka mpunga ndi kudula kabichi.

Anthu ankadandaula ndi mphepoyo, koma ine ndinaiyamika. Mwera ukawomba chotero palibe bwato limene limalowa m'madzi. Asodzi onse a ku Lungwena anali kumtunda. Ngati sabwera kumaliro, ndidziwa kuti sizinali za nsomba.

Achimwene anabadwira kuno ku Malindi, naphunzira pasukulu ya mishoni, kenaka anapita kukaphunzira za malamulo. Mlandu umene unawatchukitsa unali wa doko la asodzi ku Lungwena, kwawo kwa bambo athu, kumene abale athu onse ndi Asilamu. Munthu wina wachuma anafuna kutchinga dokolo ndi mpanda, ndipo achimwene anaimira asodziwo kukhoti mpaka kupambana. Amene ankawatenga pa njinga kukaonana ndi mboni anali msuweni wathu, Che Bwanali. Kuchokera apo anthu anawakweza okha. Anakhala khansala, kenaka meya, kenaka phungu, potsiriza nduna.

Ali nduna, anasaina pepala lopereka theka la doko lomwe lija kwa womanga malo ogona alendo. Ankati padzabwera ntchito. Ntchito zinabwera zochepa, mpanda unamangidwa, ndipo pamene amayi ankayanikapo usipa panabzalidwa maluwa. Che Bwanali sanapondenso pakhomo pathu kwa zaka khumi ndi zinayi.

Atasiya ndale, achimwene anabwerera kuno. M'tchalitchi ankakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo. Kawiri anapita ku Lungwena kukapepesa kwa Che Bwanali, kawiri konse anauzidwa kuti mwini nyumba wachokapo, njinga yake ili chitsamire pakhonde. Sabata yomaliza, ali pa bedi, anandiitana.

"Achemwali, mukauze a Bwanali kuti ndikufuna andinyamule a padoko. Akakana musawakakamize. Galimoto ilipo."

Tsiku limene anamwalira ndinapita ndekha. Ndinawapeza Che Bwanali akusoka ukonde. Anamvetsera mpaka nditamaliza, osakweza mutu, nati, "Ndamva." Mawu ake anali omwewo.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Oyamba anali apansi, a m'midzi yoyandikana, amayi atasenza nkhuni ndi timabeseni ta ufa. Kenaka magalimoto, ena okhala ndi timbendera, mpaka anadzaza bwalo la mpira. Panafika maloya ovala zakuda, makhansala, amayi a chipani ovala nsalu zofanana, aphunzitsi opuma ntchito, asilikali angapo. Mphepo inagwetsa tenti imodzi ya alendo olemekezeka, anyamata naimangirira ku mtengo wa mango ndi zingwe za ukonde. Ine maso anga anali kumsewu wa kumpoto, wochokera ku Lungwena. Njinga iliyonse yotulukira ndinkaiyang'ana mpaka kuizindikira.

Galimoto yonyamula maliro, ya magalasi mbali zonse, inaima pakhomo. Bambo wina wa kuboma, atagwira mapepala a ndondomeko, anandiyandikira mwaulemu.

"Amayi, nthawi yatithera. Amene mukuwadikirawo ali pati?"

"Akubwera," ndinatero, ngakhale ndinalibe chotsimikizira.

Tinadikira theka la ola. Kenaka ndinavomera, ndipo bokosi linapita kutchalitchi pa galimoto. Ndinayenda pambuyo pake ndikudziuza kuti Mulungu sakhululuka chifukwa cha mapewa a anthu, ndiponso kuti wolakwiridwa ali ndi nthawi yake imene ife sitingamuikire. Komabe mumtima munali molemera.

Mwana wamkulu wa malemu anawerenga mbiri yawo. Anatchula mlandu wa doko umene anapambana, misika imene anamangitsa ali meya, mlatho umene anatsegulira ali nduna. Za pepala lija sanatchule, ndipo palibe amene anayembekeza kuti atchule. Abambo a mpingo analalikira mwachidule. Ine ndinkaganiza za amapasa aja a m'Malemba, mmene wonyenga uja anabwerera kwawo akunjenjemera, atatsogoza mphatso, osadziwa ngati mbale wake akubwera ndi lupanga kapena ndi manja otambasula. Achimwene anga analibenso mphatso yoti atsogoze.

Tikutuluka m'tchalitchi, dzuwa lili pamutu, ndinaona njinga poyamba. Zinali zitatsamira mitengo yonse ya kutsogolo, zambiri zosawerengeka. Eni ake anaima chete kunja kwa mpanda, atavala mikanjo ndi tizipewa toyera, mphepo ikukupiza zovala zawo. Che Bwanali anali patsogolo, ndevu zitayera kuposa mmene ndinaonera tsiku lija. Sanapereke moni kwa aliyense. Analowa pachipata, nadutsa pakati pa nduna ziwiri, nagwira ngodya yakutsogolo ya bokosi pamene anyamata ankati alikweze m'galimoto.

Bambo wa mapepala uja anandiyang'ana. Ndinangogwedeza mutu, iye napinda mapepala ake.

Ife Akhristu timayenda ndi maliro pang'onopang'ono, phazi likutsata nyimbo. Abale athu aja sayenda choncho. Anapanga mizere iwiri kutsogolo kwa bokosi, aliyense nkulinyamula mapazi ochepa, nkupatsira mnzake, iye nkuthamangira kutsogolo kukaimanso pamzere. Bokosi linkangoyenda pamapewa ngati bwato pamafunde, osaima, osapendekeka. Kwaya inayamba nyimbo yake yodekha, koma posakhalitsa inatsala m'mbuyo, ndipo wotsogolera anasintha nayambitsa kolasi yofulumira ya pa Pasaka. Olemekezeka ankathamanga nsapato zikumira mumchenga. Loya wina wonenepa anavula jekete nalowa pamzere. Anyamata a mpingo analowanso, mpaka sunkadziwanso kuti phewa ili ndi la mzikiti kapena la tchalitchi. Galimoto ya magalasi inkabwera pambuyo penipeni, yopanda kanthu.

Ndinalira panjira yonseyo, koma sikunali kulira kwa m'mawa kuja.

Kumanda anatula bokosi m'manja mwa adzukulu, nabwerera m'mbuyo, nakaima pansi pa mitengo nthawi yonse ya mapemphero athu. Pokwirira anabweranso, nalandizana mafosholo ndi anzawo mpaka mtumbira unakwera. Zolankhula za andale zinali zambiri, koma mphepo inatenga mawu ochuluka, ndipo palibe amene anadandaula.

Titabwerera kunyumba, anthu akudya m'magulu, ndinawapeza Che Bwanali ataima pachipata, phazi limodzi mkati. Ndinagwada.

"Zikomo, achimwene."

"Ine ndinkayesa nduna imalemera," anatero. "Uyu wapepuka ngati usipa wouma. Simunkamudyetsa?"

"Matenda, achimwene."

"Doko silibwerera, achemwali. Zimenezo sitinaiwale. Koma tinakhala pansi dzulo, tinati mwana wa malume wathu asapite pa matayala ngati katundu." Kenaka anayang'ana dzuwa. "Nthawi ya swala yandipeza kuno. Muli ndi madzi ndi mphasa?"

Ndinatunga madzi ndekha. Mphasa ndinatenga ya malemu achimwene, imene ankakhalapo masana akamawerenga Mawu, ndipo ndinakaiyala kuseri, pamthunzi. Che Bwanali anatsuka manja, nkhope ndi mapazi, nayang'ana kumpoto, napemphera m'bwalo limene analikana zaka zonse zija. Ine ndinaima kukhitchini ndikupemphera zanga.

Pofika madzulo magalimoto anali atapita, matenti atagwetsedwa, miphika yobwereka itabwezedwa. Mwera unatsika. M'nyumba munatsala alamu anga amasiye, amayi awiri a mpingo ogona nawo, ndi fungo la utsi. Mdzukulu wanga wamkazi akusesa kuseri anapeza mphasa ija idakali chiyalire, mchenga wa mapazi onyowa utaumirapo, nafunsa ngati aipinde.

Ndinamuuza kuti aisiye pomwepo. Che Bwanali pochoka anati adzabwera Loweruka kudzaona alamu.