Mzere umene ndinafufuta Lachinayi

Ntchito yanga yoyamba yolemba mapulogalamu inandipeza ndili pakauntala ya kashopu kokonza mafoni ku Rimuka, kuno ku Kadoma. Koleji ndinali nditamaliza, pepala lili m'sutikesi, ine tsiku lonse ndikusintha magalasi osweka a mafoni a eni ake. Makasitomala akasowa ndinkatsegula laputopu n'kumalemba timapulogalamu tanga kuti mutu usachite dzimbiri. Tsiku lina mayi wina, podikira foni yake, anasuzumira pasikirini yanga n'kundifunsa m'Chishona ngati chilankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa C ndimachidziwa. Ndinati ndimachidziwa. "Lolemba ubwere ku Chegutu," anatero. Amenewo anali Mai Chikomo.

Kakampani kawo kanali kuseri kwa galaja, chipinda chimodzi chonunkha girizi. Tinkapanga timabokosi totalika ngati sopo wochapira, toika pansi pa dashibodi ya lole. Kabokosi kamalumikizidwa ku mawaya awiri opotana otchedwa CAN, momwe mumadutsa zonse zimene kompyuta ya injini ikunena. Kamawerenga liwiro, kutentha kwa injini ndi dizilo wotsala m'thanki, n'kutumiza ku seva, kompyuta yaikulu yosunga zonsezi, kudzera pa simukhadi. Ife tinkaona lole iliyonse ngati kadontho pamapu. Kabokosiko kankathanso kutseka sitata. Sikankazimitsa injini pamsewu ayi, koma lole ikazimitsidwa sinkaliranso mpaka ife titalola.

Tinalembedwa awiri tsiku limodzi, ine ndi Tendai, kuti atiyese miyezi itatu. Mai Chikomo sanazungulire. "Mpando wokhazikika ndi umodzi," anatiuza tili chiimire.

Tendai ndinayamba kumuchitira nsanje sabata yoyamba yomweyo, ndipo sindibisa. Khodi yake, ndiye kuti mizere ya pulogalamu imene ankalemba, inali ngati chipinda cha mnyamata wosakwatira, chilichonse chili pamene chinagwera. Yanga inali yosesedwa, chilichonse ndi dzina lake ndi kufotokoza kwake. Koma Tendai sankakhala pampando. Ukamufuna unkangoona miyendo yake itatulukira pansi pa lole, kapena unkamupeza akudya sadza, nsima ya kuno, mbale imodzi ndi madalaivala, akuseka mpaka kutsamwa. Mai Chikomo ankalowa mu ofesi, ine ndili pamaso pawo penipeni, n'kufunsa kuti, "Tendai ali kuti?" Choipitsitsa, iye za nsanje yangayo sankazidziwa n'komwe. Ankandiitana kuti sisi Halima, ndipo masana ankandibweretsera chimanga chootcha.

Kasitomala wathu wamkulu anali mwini malole onyamula mabelo a thonje kuchokera ku Kadoma kupita ku Harare. Ankadandaula kuti dizilo akumuthera panjira: madalaivala ena ankakhotera m'tchire cha ku Muzvezve n'kugulitsa kwa anthu okumba golide kuti aziyendetsera mapampu awo. Anapempha lamulo lakuti lole ikachoka pamsewu waukulu n'kuzimitsidwa kupitirira mphindi makumi awiri pamalo osaloledwa, sitata itsekedwe. Kulemba lamulolo anandipatsa ine. Mndandanda wa malo ololedwa anampatsa Tendai, chifukwa ndiye ankacheza ndi madalaivala. Pa ofesi panali mwambo umene Mai Chikomo ankautcha maso anayi: palibe khodi yopita m'mabokosi mnzako asanaiwerenge.

Lachinayi lina masana ndinatsegula mndandanda wa Tendai kuti ndiulumikize ku lamulo langa. Munali depoti, malo omwetsera mafuta, sikelo ya malole, geti yolipirira msewu. Pansi penipeni panali mzere wongoti, "Selous, Lachisanu, A." Nditaika manambala ake pamapu, malowo anagwera m'mafamu, kutali ndi msewu, kopanda sitolo kapena galaja. Ndinasangalala. Ndinati ndamugwira mwana wokondedwa uja, wasiyira mnzake wina kakhomo kobera dizilo.

Tendai anali panja pomwepo. Miyendo yake ndinkaiona pawindo. Kutuluka n'kumufunsa sikukanatenga mphindi imodzi. Koma ndinkafuna kuti lole ikagwidwe, Mai Chikomo adzionere okha kuti amene amamufunsa tsiku lililonse uja ndi munthu wotani. Ndinafufuta mzerewo, n'kutumiza khodi m'mabokosi onse popanda maso achiwiri. Pofotokoza zimene ndasintha ndinangolemba kuti ndayeretsa mndandanda.

Lachisanu, wani koloko itangokwana, kadontho kamodzi kanafiira ku Selous. Ndinaitana Mai Chikomo ndi mawu odekha, a munthu amene sakudziwa kanthu. Uthenga unali utafika kale pafoni ya mwini malole, ndipo anaimba nthawi yomweyo akukalipa moti ndinkamumva ndili patebulo langa. Lole inali ya Che Amini, dalaivala wake wamkulu pa onse. "Mdala ameneyo ndinkamukhulupirira," anatero mwini maloleyo. "Ndamuuza kale kuti ntchito yatha. Musatsegule sitata mpaka mutakaona thanki."

Tendai anali atatumidwa ku Kadoma kukaika mabokosi, choncho ndinanyamula laputopu ndi chingwe, n'kukwera galimoto ya Mai Chikomo. Njira yonse ndinkakonza nkhope yachisoni imene ndidzavale Tendai akamadzachotsedwa.

Titafika ku Selous tinakhotera m'kamsewu kafumbi, tinadutsa minda, mpaka tinaiona lole pansi pa mtengo, mabelo ali omangidwa bwinobwino. Pambali pake panali kanyumba ka malata kopaka utoto wobiriwira. Pakhomo panali ndowa ya madzi, maketulo apulasitiki awiri, ndi nsapato zitandandalikidwa bwino. Panalibe wondiuza kuti ndi malo anji. Nsapato zoterezi ndakula ndikuziona. Bambo anga, chisiyireni mgodi ku Eiffel Flats, sanaphonyepo swala ya Lachisanu, ndipo ndili wamng'ono nsapato zawo ndinkazipukuta ndine. Kameneka kanali kamzikiti ka anthu akwathu olankhula Chichewa, ogwira ntchito m'mafamu.

Che Amini anali atakhala pa sitepe ya lole, mkanjo woyera atavala pamwamba pa ovolosi, kachipewa kali m'manja. Ndinawapatsa moni m'Chishona, n'kukwera m'kabini. Ndinalowetsa chingwe pansi pa chiwongolero n'kuwerenga zimene kabokosi kasunga chichokere ku Kadoma. Dizilo sanasowe ngakhale dontho.

Mai Chikomo anaona sikirini, anaona mzikiti, n'kugwira m'chiuno. "Ndiye kuti Tendai malo ano sanawaike pamndandanda? Munthu amakhala ndi madalaivala tsiku lonse, nanga amakambirana chiyani? Halima, tsegula sitata."

Ndinanamizira kukonza chingwe. Mpando uja unali wanga tsopano. Chimene ndinkayenera kuchita n'kungotseka pakamwa, ndipo ndinaterodi kwa kanthawi.

"Halima?" anatero Che Amini, atatembenuka. Anayamba kulankhula Chichewa. "Iwe ndiwe mwana wa ndani?"

Ife a msinkhu wanga akulu akatifunsa m'Chichewa timayankha m'Chishona. Tsiku limenelo Chichewa chinangotuluka chokha. "Wa Che Saidi, a ku Eiffel Flats."

"Saidi wa pamugodi! Tinkatsika naye pansi limodzi ameneyo, ndisanaphunzire lole. Ndiye mwana wathu uli pa basa labwino, ntchito yeniyeni." Anamwetulira pang'ono, kenaka nkhope inagwa. "Mwananga, chikundiwawa si mari, si ndalama ayi. Zaka zonsezi ndikanyamuka ku Kadoma Lachisanu ndimaswali pano. Lero foni yalira ndili pakati pa swala. Ndatuluka, bwana akukuwa kuti ndine mbava, anthu onsewa akumva. Komatu mnyamata wanu uja ndinamuuza. Analemba ine ndikuona. Ndimadya naye mbale imodzi, bwanji wandichita zotere?"

Kuti Mai Chikomo amukwiyire Tendai ndinkafuna ndithu. Koma kuti mkulu uyu apite ku Harare ndi mtima umenewo, ndinalephera kupirira.

"Che Amini, analemba," ndinatero. "Ndafufuta ndine."

"Wati chii?" anafunsa Mai Chikomo, chifukwa Chichewa ankangochimva patalipatali. Ndinabwereza m'Chishona, ndipo kachiwiriko kanalemera kuposa koyamba. Ndinanenanso kuti khodiyo sindinampatse Tendai kuti awerenge.

Che Amini sanakweze mawu. "Pamene unkafufutapo, unaona kuti palembedwa Lachisanu?"

"Ndinaona."

"Nanga atate ako Lachisanu masana amakhala kuti?"

Ndinadina batani, sitata inatseguka. Mai Chikomo anaimbira mwini malole n'kumuuza kuti cholakwa ndi chathu, dizilo ali momwemo. Bamboyo anang'ung'udza, n'kuuza Che Amini kuti apitirize ulendo. Kupepesa sanapepese. Che Amini anapinda mkanjo wawo, n'kuliza injini, osandiyang'ananso.

Pobwerera Mai Chikomo analankhula kamodzi kokha, titatsala pang'ono kulowa m'Chegutu. "Khodi yako ndi yabwino kuposa ya Tendai, ndipo ndinkadziwa," anatero. Anakhala ngati apitiriza, koma anangoyatsa wailesi.

Miyezi itatu itakwana, mpando anapatsidwa Tendai. Ndikanakonda akanandikalipira, tikanakangana n'kuthana nazo. Koma anabwera patebulo langa ndikulongedza, n'kunena kuti, "Sisi, nanenso ndinalakwa, ndikanalemba kuti ndi mzikiti." Atatero anandisiyira chimanga chootcha. Mpaka pamenepo anandiposa, ndipo ndinatuluka ndi nsanje yoposa imene ndinalowa nayo.

Lero ndili pa kampani ina ku Kadoma, ndikulembabe mapulogalamu a mabokosi a m'malole. Tendai ndi mkulu wa gulu lonse ku Chegutu kuja, ndipo ndikamva dzina lake kamtima kamachitabe kuti thi, sindinama. Koma ndikapeza mzere umene sindikuumvetsa m'khodi ya mnzanga, ngakhale utanyansa bwanji, sindiukhudza. Ndimadzuka pampando, ndimatuluka panja, ndimakafunsa kuti unalembedwera ndani.

Bambo ndinawauza ndekha, Che Amini asanakumane nawo. Anamvetsera nkhani yonse, za mpando umene ndataya osafunsako n'komwe. Anangofuna kudziwa chinthu chimodzi: ngati mnzawoyo anali atamaliza kuswali foni isanalire. Ndinawauza kuti anali asanamalize.