Tizipewa ta a Mwatichani

A Mwatichani anali okhoma zidebe, koma mukanawatchula choncho pamaso pawo mukanadana nawo. Zidebe, mapoto obooka ndi zothirira mbewu zinali zongodyetsera banja. Ntchito imene ankaitcha yawo inali yopanga tizipewa ta mfuti za gogodera, zija zothira onga kukamwa n'kusinja ndi ndodo. Kachipewako n'kakang'ono kuposa njere ya nyemba. Amakavundikira pakamphuno ka mfuti, ndipo kakamenyedwa kamathetheka moto woyatsa ongawo. Popanda iko, gogodera ndi chibonga chabe. Zimene ankaika m'katimo sanauzepo munthu, ngakhale mkamwini wawo amene anayesa kuwanyengerera ndi jekete.

Dzinalo linachokera kumakutu. Tizipewa tinawagonthetsa pang'onopang'ono, mpaka aliyense wowapatsa moni ankangoyankhidwa kuti, "Mwati chani?" Anthu anawatcha choncho osabisa, podziwa kuti eniakewo samva.

Tsono munthu wopanga zophulika, iye osamva kuphulika, adziwa bwanji kuti wapanga zabwino? Mwambo wawo unali woti akamaliza mulu, ankatolapo kamodzi, kukaika pa chidutswa cha njanji n'kukamenya ndi nyundo. Utsi sankaukhulupirira, ankati ndi wabodza, poti kachipewa kofooka nakonso kamafuka. Chinkafunika ndi phokoso. Mwamwayi, chisakasa chawo chogwiriramo ntchito chinali chogundana ndi khitchini, ndipo chitseko chapakati chinathyoka kalekale. Anangokoka benchi n'kuliika poti azitha kuona msana wa akazi awo akamatsuka mbale.

Muyeso wake unali wosavuta. Mayiwo akangokweza mapewa, tizipewato n'tapakatikati. Akataya supuni, n'tabwino. Akatembenuka n'kuwatukwana pamodzi ndi mtundu wawo wonse, tinali toyenera kusungira makasitomala apamtima. Makapu osweka anatha m'nyumbamo ana asanayambe sukulu, kunangotsala achitsulo.

Nkhani imeneyi awiriwa sanaikambiranepo. M'zaka zoyamba mayiwo ankaopseza kuti abwerera kwa alongo awo. "Tsiku lina mudzandipeza nditauma pompano, siponji ili m'manja," ankatero, ndipo yankho lake mukulidziwa. Koma sanapite, ndipo mbiri ya tizipewa ta a Mwatichani inafika kutali. Bambowo analibe galimoto, analibe munda, ana anabalalika. Chuma chawo chinali chimodzi chokha, chakuti kachipewa kawo sikakana.

Tsoka silinunkha. M'mawa wina kunabwera mlonda wa munda wa zipatso, kasitomala wakale amene ankaopseza anyani ndi gogodera yothira onga ndi nsanza basi. Anafika nkhope ili gwa. Anayesa kufuula kukhutu lamanja, kenako lamanzere, ndipo ataona kuti akungowononga mawu, anayamba kuonetsa ndi thupi. Analoza kudenga ndi tsache ngati mfuti, n'kupinda chala, n'kudikira. Kenako ananjuta pa thumba la malata, n'kumadzikanda m'khwapa uku akusenda lalanje losaoneka.

"Anyani afika pondizolowera, akulu," anatero akupuma. "Dzulo wina anakhala moyang'anana ndi mfuti, akudya, kudikira kuti aone ngati iwombe. Abwana akuti agula galu, ine ndizipita."

A Mwatichani sanamve mawu, koma nyaniyo anamumva bwinobwino.

"Tizipewa timeneto tinayesedwa," anatero mokweza, monga amalankhulira anthu osadzimva. "Amayi anadumpha. Anataya supuni ndili kuona ndi maso angawa."

Mlondayo anasuzumira kukhitchini, osadziwa kuti supuni ikulowa bwanji m'nkhani ya anyani, n'kungochoka.

Pambuyo pake anabwera ena awiri ndi dandaulo lomwelo, ndipo tulo tinawathawa bambowo. Anaganizira chinyezi, n'kuyanika zonse padzuwa. Anaganizira chitsulo, n'kusintha kogula. Mulu uliwonse watsopano ankauyesa, ndipo mayiwo ankadumpha kuposa kale, masupuni kuuluka, matukwano kufika mpaka kwa agogo awo aamuna. Koma tizipewa tikafika kumunda, zii. Pomaliza a Mwatichani anagamula kuti cholakwa chili ndi mfuti ya mlonda, apo ayi ndiye anyaniwo.

Anamuitanitsa kuti adzaone yekha. Anamuimika pambali pa benchi, n'kumulozera msana wa mayiwo, amene ankatsuka makapu a tiyi. Anaika kachipewa panjanji, kukweza nyundo, kuyamba kuitsitsa. Pomwepo fumbi la malata linawalowa m'mphuno. Anayetsemula, dzanja n'kuima m'malere, nyundo osafika pansi.

Kukhitchini mayiwo anadumpha. Supuni inakagunda denga. Anatembenuka maso ali psu.

"Mudzandipha inu. Munthu wamkulu ndi imvi zanu, kumangophulitsa zinthu ngati mwana wosaleredwa. Mtundu wanu wonse ndi womwewo."

Anabwerera ku mbale zawo. Kachipewa kanali panjanji, kathunthu, kakunyezimira. Mlonda anayang'ana kachipewa, kuyang'ana mayiwo, kenako n'kuyamba kuyang'ana nsapato zake.

A Mwatichani anaika nyundo pansi n'kulowa kukhitchini, malo amene ankangowadziwa poonera patali. Anaima kumbuyo kwa akazi awo. Pawindo, pamwamba pa beseni, panapachikidwa chivundikiro cha poto chokwechedwa mpaka kuwala ngati galasi. M'chivundikiromo munkaoneka benchi lonse, njanji, ndi mlonda wamng'ono wopindika mutu. Bambowo anatenga mapoto awiri, kusunthira pakona pomwe chivundikiro sichinkaona, n'kuwawombanitsa ndi mphamvu zawo zonse. Mlonda anagwira makutu. Agalu a pamsewu anayamba kuuwa. Mayiwo anapitiriza kutsukuluza kapu, akung'ung'udza kanyimbo kopanda mutu.

Bambowo anawagwira paphewa. Apa mpamene mayiwo anadzidzimuka zenizeni, ndipo kudzidzimuka kwake kunali kwakung'ono, kosafanana n'komwe ndi kuja ankachita kukonzekera. Ataona mapoto m'manja mwa amuna awo anadziwa kuti madzi atayika. Anapukuta manja pa chitenje, n'kuyang'anitsitsa pakamwa pa bambowo.

"Chiyambire liti, amayi?"

"Kalekale. Chaka chija anakwatiwa mwana wathu wotsiriza."

Mayiwo anafunika kubwereza, akutsegula pakamwa kwambiri kuti anzawo awerenge milomo. Mlonda, amene anali yekha wamakutu m'nyumbamo, ankalakalaka akanakhala kwa anyani ake.

"Bwanji osanena?"

"Ndinene kwa yani? Mukanamva?"

"Ndagulitsa zinthu zosayesedwa zaka zonsezi."

"Zinkaphulika ndithu, manja anu anali asanayambe kunjenjemera. Tsono ndikananena, abambo, mukanayesera pa yani? Simukanakatenga wina wamakutu?"

Mawu omalizawa a Mwatichani anawawerenga kamodzi kokha, sanafunse kuti mwati chani. Zinawapweteka kwambiri. Iwo ankadziona ngati mmisiri wochenjera amene anapeza muyeso waulere, pamene zoona zake n'zakuti anagonthetsa mkazi wawo, ndipo mkaziyo ankakwecha chivundikiro tsiku ndi tsiku poopa kuchotsedwa ntchito yodumpha. Anafuna kupepesa, koma kupepesa kofuula sikumveka ngati kupepesa, choncho anangoika mapoto aja pamalo pake.

A Mwatichani analangiza mlonda uja kuti apalane ubwenzi ndi galuyo akabwera. Tizipewa totsala anakatimiza m'chidebe cha madzi, ndipo aliyense wobwera ndi gogodera ankamuuza kuti ntchitoyo inatha. Mbiri yawo inafa mwakachetechete, anthu n'kuyamba kuwatchula okhoma zidebe, iwo osamva.

Koma m'nyumbamo zinthu sizinayende. Mayiwo ankatsuka mbale mwaulesi, n'kumaponya diso pachivundikiro, momwe tsopano munkangooneka mwamuna wowerama pa ndowa yobooka. Anasiya kung'ung'udza. Chakudya ankangochiika patebulo osalankhula, pakuti kulankhula kwawo konse kwa zaka zambiri kunali kuja kwa pambuyo pa nyundo. Bambowo ankaona msana umenewo ukugwa tsiku ndi tsiku, ndipo anachita mantha kuposa mmene anachitira ndi anyani.

M'mawa wina, tiyi atamwedwa, anapukuta njanji ija ndi dzanja la malaya. Panalibe kanthu pamenepo. Anadikira mpaka diso la mayiwo litakwera pachivundikiro, n'kukweza nyundo pang'onopang'ono kuti ioneke bwino, kenako n'kumenya chitsulo chopanda kanthu.

Supuni inauluka mpaka kuchisakasa. Mayiwo anatembenuka n'kuyamba ndi bambowo, kupita kwa abale awo, azakhali awo, mpaka amalume ena amene anamwalira awiriwa asanakwatirane n'komwe. A Mwatichani anamvetsera ndi maso mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenako anawerama movutikira, kutola supuniyo, n'kukaipereka kukhitchini ndi manja awiri.