Njere ya Mango mu Ekizozi

Amalume anga, Che Bwanali, telala wa ku Malindi, anatha zaka zitatu akukonza njinga yamoto yakalekale imene mzungu wina anaitaya. Chishalo anasoka okha ndi chikopa cha mbuzi, thanki anaipaka penti yobiriwira yotsala ku mabwato. Ife ankatiletsa ngakhale kuitsamira.

Tsiku loti ilire koyamba, kuti akafike nayo ku msonkhano wa chipani ku boma, ine ndinali pa holide ya Fomu 2. Ndinayamwa mango, njere yake ndinaikankhira mu ekizozi ndi kamtengo.

Anthu anasonkhana. Amalume anaponda kamodzi, kawiri, kakhumi, mpaka kofia yawo inachoka kumutu n'kugwa pansi. Njinga inkangotsokomola. Ndisaname, ndinaseka mpaka kugwirira mtengo wa papaya.

"Mphwanga, iwe paja ndi wasukulu," anatero, thukuta lili kamukamu. "Ukuti chavuta n'chiyani?"

"Injini yakalamba, amalume," ndinayankha, nkhope ngati ya dokotala.

Anandikhulupirira. Ndinkati ndiwauza mawa za njere ija, koma mawa lakelo anaikweza pa lole, kukaigulitsa kwa msodzi wina wa ku Lungwena. Msodziyo njere anaipeza tsiku lomwelo, koma sanauze munthu.

Mpaka lero sindinaulule, ndipo ndikakumbukira kofia ija ndimasekabe. Chovuta n'chakuti Lachisanu lililonse njinga yobiriwirayo imadutsa pakhomo pathu ikubangula. Amalume amaimitsa makina osokera n'kumvetsera mpaka phokoso litazilala.

"Si injini inakalamba, mphwanga," amandiuza. "Ndi manja angawa."