Tsiku limene ndinajambula mwana wanga ngati wa eni

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo ake a Tawonga. Lero ndikuuzani inu.

Loweruka lapitali ndinajambula ukwati pa loji ina kuno ku Chintheche. Akwatiwo anachokera ku Ulaya ndi abale awo. Mayi amene amakonza maukwati oterewa, pondipatsa ntchitoyi, anandifunsa kuti, "Mulibe khanda eti? Pano sitikhala pansi tsiku lonse." Ndinati ndilibe.

Mwana wanga Tawonga ali ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Ndinamusiyira Ama, mayi anga, ndi mkaka wofinyira m'botolo. Botololo analikana. Dzuwa lili paliwombo, akwati atangomaliza malumbiro, ndinaona Ama m'kamera akubwera motsata mchenga, mwana kumbuyo, atavala chitenje chimene amakavuulira chinangwa.

Mlonda anati awabweze, koma mkwatibwi anali ataona kale. Anapempha kuti amunyamuleko mwanayo. Kenako mng'ono wake, kenako apongozi ake. Aliyense akundikodola kuti ndijambule.

Ama anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mayi wokonza ukwati uja amene anaima pambali panga. Ife kunyumba timayankhula Chitonga, koma apa anayankhula Chichewa.

"Jambulani, madamu," anatero.

Ndinajambula. Tawonga anandizindikira, n'kutambasula manja uku akulira. Alendo anaseka, ati mwanayu akufuna kamera. Mkaka unayamba kutuluka, koma bulauzi yakuda imasunga chinsinsi.

Ndinakamuyamwitsira kuseri kochapira zovala, mtsikana wina wokonza m'zipinda akundionera anthu. "Musadandaule asisi," anandinong'oneza. "Wanga ali kwa agogo ake ku Dedza. Pano amadziwa kuti ndilibe."

Kodi tilipo angati otere m'malojimu? Alendo akamabwera timasesa mchenga, kupempha asodzi kuti asunthe mabwato, kubisa zidebe. Tafika pobisa ndi ana omwe. Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo akatulukira ali kumbuyo kwa gogo wosavala nsapato amakoma m'chithunzi. Akakhala wa wojambula ndiye wasanduka vuto.

Mkwatibwi sindikumuda. Anamugwira mwana wanga bwinobwino, mpaka kumupukuta misozi. Amene ananama ndine. Setifiketi yanga ya kukoleji inagona m'sutikesi zaka ziwiri, ndipo mayi uja ali ndi maukwati ena chaka chino. Mantha anga anali amenewo.

Ama sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Lolemba m'mawa, ndili pa laputopu kusankha zithunzi, anaima pakhomo n'kunena kuti, "Madamu, mwana wanu wadzuka." Ndinayang'ana nkhope yawo kuti mwina aseka. Sanaseke.

Lachitatu mkwatibwi wanditumizira uthenga kudzera kwa mayi wokonza uja. Ati chithunzi chimene wanyamula mwana wotambasula manja chija chamukhudza mtima, akufuna chikhale patsamba loyamba la alubamu. Akupempha ndimufufuzire dzina la mwanayo ndi la gogoyo, kuti alembe pansi pake.

Mayinawo ndawalemba kanayi n'kufufutanso. Ndikanena zoona, ntchito mwina yathera pomwepa. Ndikati sindikuwadziwa, ndawakana kachiwiri.

Amayi anzanga amene munasiyapo mwana akulira n'kuthamangira minibasi, ndiuzeni. Pamchenga paja, pamene Tawonga ankandifuna koma ine n'kukweza kamera, ndinachita bwino?