Kukagulira Taonga kompyuta ku Lusaka

Ndinanyamuka pa Chinyunyu Lachiwiri 5 koloko m'mawa, osauza neba aliyense. Ukalengeza ulendo, pobwera umapeza nkhuku zachepa. Kompyuta yakufa ya mdzukulu wanga Taonga ndinaibereka kumsana ndi chitenje, ndalama ndinazisokera mu siketi yamkati.

Taonga ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Chigwereni pa njinga yamoto zaka ziwiri zapitazo, miyendo yake sigwira ntchito. Chimene chinkamudzutsa m'mawa ndi gemu ya mu kompyuta, mmene amamanga nyumba n'kuikamo anthu, anthuwo n'kumakwatirana, kubereka ndi kupita ku ntchito. Ine ndinkati ndi zidole za akuluakulu. Koma kompyuta itazima osayakanso, mwana anatembenukira kukhoma. Milungu itatu, kudya kwake masupuni awiri, kuyankha kwake kwa mutu. Amalume ake a ku Kitwe anatumiza ndalama, ati tipatse aphunzitsi ena amene amapitapita ku tauni atigulire. Ndinakana. Ngakhale mbuzi ndimasankha ndekha.

Taonga anandilembera kapepala: dzina la gemu ndi manambala amene kompyuta iyenera kukhala nawo. Pondipatsa sanandiyang'ane. "Ambuya, anthu anga ali mu yakaleyo. Akatayika, yatsopano musavutike nayo."

Minibasi yochokera ku Mpanshya inaima pamsewu waukulu itadzaza kale. Kondakita anatchula K120, ine ndinamutambasulira K100 n'kuyang'ana kumbali, mpaka anatopa yekha. Anafuna katundu wanga apite kubuti pamodzi ndi matumba a makala. Ndinamufunsa ngati amayi ake anamulerera kubuti. Ndinakhala pafupi ndi khomo, kompyuta pamiyendo, manja onse pamwamba pake.

Pa Chongwe tinafika 7 koloko, apolisi anatiimitsa pang'ono. Azimayi a vitumbuwa anaunjikana pamawindo. Bambo wina wa jekete amene ndinakhala naye anandigulira ziwiri. Ndinathokoza bwinobwino, ndinaziika m'chola, ndipo ndinadya mbatata yanga n'kumwera munkoyo, thobwa lathu lochokera kunyumba. Ufulu wa m'basi sindiudziwa kumene umathera.

M'tauni tinalowa 9 koloko. Sitolo yoyamba inali ya magalasi okhaokha. Mwini wake, bambo wa mphete zitatu, sanawerenge n'komwe kapepala. Anandionetsa chikompyuta chachikulu cha magetsi ofiira ndi obiriwira ngati m'bala la mowa, ati ndicho cha magemu. Ndinamuuza kuti kwathu ndi sola imodzi ndi batire, ndipo mwana amaseweretsa ali pabedi. Ndiye anatulutsa yopinda, ili m'katoni yomata. Nditati aiyatse ndione ikuyenda, ati katoni amatsegula munthu akalipira.

"Ndikhulupirireni, mayo wanga," anatero.

Mawu amenewo ndi amene ananditulutsa.

Masitolo ena awiri ndinangosuzumira. Cha m'ma 11 ndinalowa kanjira kopapatiza, m'kasitolo ka mayi wina wonenepa, ba Chileshe, amene amagulitsa makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito ndi kukonzanso akufa. Iwo anawerenga kapepala kawiri, nafunsa ngati woseweretsa ndi ine. Ndinawafotokozera za Taonga mwachidule, chifukwa nkhani ya matenda imakweza mtengo.

Anati tiyambe ndi yakufayo. Anaitsegula kumimba ndi kasikuludiraiva, natulutsa kachitsulo kaphanthiphanthi, ati zonse zimene mwana anasunga zili mmenemo, ngati sikanapse. Ndinaimirira pamapewa pawo. Anandipatsa mpando, ndinakana. Anandipatsa tiyi, ndinakana. "Ambuya, mupumire kumbali, mundiotcha khosi," anatero, koma sindinasunthe. Analumikiza kachitsuloko ku kompyuta ina, tinadikira, ndipo anagwedeza mutu. Kanali kamoyo. Apo ndiye ndinaulandira mpando uja.

Makompyuta ogwirizana ndi kapepala anali awiri. Manambala ndinawayerekeza ndekha pagalasi, osati pa kastika, chifukwa kastika aliyense angamate. Kenaka ndinawauza mmene timagulira ng'ombe kwathu: suigula ili chigonere, umaimanga pajoko ilime mzere uone mpweya wake. Ndinati aikemo gemuyo ndi anthu a Taonga, achotse chingwe cha magetsi, ndiiike pamiyendo panga mmene mwana amachitira. Ba Chileshe anaseka mpaka misozi, koma anachita.

Yoyamba, yokongola yasiliva, sinathe theka la ola. Inayamba kulira ngati chigayo, ndipo nditaigwira kunsi ndi kuseri kwa dzanja, inali ndi malungo. Anthu a pagalasi ankayenda modukizaduka. Yachiwiri inali yakuda, yolemera, yokalika pakona. Ndinakhala nayo ola lathunthu ndi mphindi makumi awiri. Inangofunda pang'ono, batire ikadali ndi mphamvu.

Nthawi yonseyo ndinkaonerera. Ndinali ndisanayang'anepo bwino gemu imeneyi. Munali msewu wa nyumba zisanu ndi imodzi, ina ya maluwa, ina ya galimoto pakhomo. Anthu ankaphika, kusamba, kukangana, popanda wowauza. Mtsikana wina wa tsitsi ngati la Taonga ankathamanga kuzungulira mudzi wonse, osaima. Ameneyo ndinamuyang'ana nthawi yaitali. M'nyumba ina munatuluka utsi, koma ndinati mwina ndi mmene amaphikira kumeneko.

Mtengo unali K9,500. Tinakambirana mpaka anandiwonjezera chikwama ndi kulemba papepala kuti ikavuta miyezi itatu isanathe ndiibweze. Kachitsulo kakale ndi kompyuta yakufa ndinatenganso, ngakhale anafuna kuzigula.

Basi yobwerera inadzaza 3 koloko, K120 osachotsa, ati madzulo sitinenerera. Sindinagone ngakhale pang'ono. Pa Chinyunyu ndinatsika dzuwa likulowa.

Taonga ndinamupeza chimodzimodzi, nkhope kukhoma. Ndinamuikira kompyuta pabulangete, ndinakhala pamphasa kumasula nsapato. Ndinamva ikuyaka. Kenaka anadzikoka n'kutsamira pilo.

"Ambuya, munaisiya ikuyenda yokha?"

Ndinati eya, ndimaiyesa mpweya.

"Nthawi yaitali bwanji? Khitchini ya ba Esinati yapsa yonse. Amuna awo awachotsa ntchito. Ndipo uyu wakwatiwa ndi ndani uyu? Inu munali pompo, kumangoyang'ana?"

Anandikalipira mpaka mdima unayamba, kutchula maina a anthu amene sindiwadziwa, ngati ndawotcha mudzi wa eni. Ine ndinangoti pepani, pepani, ndikupukuta m'maso ndi chitenje. Ali pakati pokalipa anafunsa ngati mazira alipo, ati awiri, okazinga, ndipo ndifulumire chifukwa ali ndi khitchini yoti amange.

Anthu sindinayambe kuwakhulupirira, ndakalamba nazo. Koma ba Chileshe ndinawatumizira nkhuku Loweruka, ndipo mwana akamandiuza kuti kwa ba Esinati kwabadwa mwana, masiku ano ndimafunsa kuti wamwamuna kapena wamkazi.